Tsiku Limene Ndinatenga Mawilo Anga

Njinga ndinaiyamba ku Glasgow chifukwa cha basi. Basi ya kwathu ku Springburn inkabwera nthawi imene yafuna, ndipo ine ndinali nditatopa ndi kupepesa kuntchito. Ndinali nditamaliza maphunziro ku Hillhead n'kupeza ntchito yoyeza magazi mu labotale ya chipatala china. Ine ndi amuna anga tinkakhala pansanjika yachitatu m'nyumba yopanda chikepe, moti m'mawa ndi madzulo ndinkatsika ndi kukwera masitepe njinga ili paphewa. Za mpikisano sindinkaziganizira n'komwe.

Amene anandikokera kumeneko ndi mayi wina wa kuntchito, wogawa mankhwala, wobadwira ku Pollokshields. Anali wamkulu kwa ine, choncho ndinkawatcha achemwali. Nditawauza tanthauzo lake anakondwa mpaka anayamba kudzitchula okha choncho. Tsiku lina kukugwa mvula anandiona ndikudula njira pa kapinga woterera kuseri kwa chipatala, osatsika, osagwa.

"Munaphunzira kuti kuyenda pamatope chonchi?" anandifunsa titakumana pakhomo.

"Ku Dedza. Ndinkapita kusekondale pa njinga ya bambo anga, ndipo dzinja likafika msewu wathu unkasanduka phala."

"Lamlungu mudzadzuke msanga. Ndidzakutengani."

Masewerawo kuno amawatcha saikolokirosi. Amachitika nyengo yozizira, kuyambira masamba akayamba kuyoyoka mpaka chaka chatsopano chitalowa. Okonza amasankha paki, n'kumanga zingwe zapulasitiki mbali ziwiri kupanga kanjira kokhotakhota, kodutsa pa udzu, m'mitengo ndi pazitunda. Opikisana amazungulira kanjirako mphindi makumi anayi kapena kuposerapo. Pena amaika matabwa otchinga, ndiye umatsika, kunyamula njinga, kulumpha, n'kukweranso ukuthamanga. Pena chitunda chimaterera moti umachikwera wapansi njinga ili paphewa. Zimenezo masitepe a kwathu anali atandiphunzitsa kale.

Chimene chimasautsa kwambiri ndi matope. Amamatirira ku matayala, amadzaza pa mabuleki, amalowa mu tcheni, mpaka njinga imalemera ngati yasenza thumba la simenti. N'chifukwa chake wofuna kuchita bwino amakhala ndi njinga ziwiri ndi munthu womuthandiza. Pambali pa kanjira pamakhala malo otchingidwa amene onse amangoti piti. Wopalasa akalowa m'menemo amasiya njinga yamatope, womuthandiza n'kumupatsa yoyera, kenako n'kuthamanga kukatsuka yamatopeyo kuti mnzake akamadutsanso aipeze ili mbee.

Chaka choyamba ndinali ndi njinga imodzi ndipo ndinkagwa kwambiri. Chaka chachiwiri ndinapeza ina yakale yoti ikhale yachiwiri, ndipo kugwa kunachepa. Timu yathu inali yaing'ono, ya anthu ogwira ntchito mkati mwa sabata. Achemwali ndiwo anali ndi vani yonyamula njinga, motero ndiwo ankayendetsa zambiri. Popeza mpikisano wa amayi unkachitika m'mawa ndipo wa abambo achikulire masana, anaganiza zotiphatikiza awiriawiri, kuti wina akamapalasa mnzake akhale mu piti, kenako n'kusinthana.

Ine anandiphatikiza ndi bambo wina wa ndevu zotuwa, wazaka za m'ma fifite, wogulitsa nyumba. Pano ndingowatcha a ndevu. Anali katswiri wa timu yathu. Mu ligi ya abambo a msinkhu wawo anali pa nambala yachitatu, ndipo nkhani yawo inali imodzi yokha, mapointi. Tsiku loyamba anandiimika kuseri kwa vani n'kundiphunzitsa kagwiridwe ka njinga yawo: dzanja limodzi pa chishalo, lina pa handulo, pedulo yakumanja ikhale kutsogolo, giya ikhale yachitatu. Ndinamvetsera bwinobwino. Ndinaleredwa kuti munthu wamkulu akamalankhula uzimva.

Masabata asanu ndinawatsukira njinga. Ndinkamaliza mpikisano wanga ndili chinyowere, n'kungovala jekete pamwamba, n'kuthamangira mu piti ndi ndowa ziwiri ndi burashi. Madzi a ku Scotland mu Novembala amaluma. Pakutha pa ola zala zinkachita dzanzi moti sindinkatha kutsegula zipi ya jekete langa. A ndevu akamaliza ankabwera akupuma wefuwefu n'kunena kuti, "Ulendo wachiwiri uja munachedwa pang'ono." Zikomo ankanena, koma ankamunena akuyang'ana tcheni.

Mbali yawo ya pangano inali yopepuka. Mipikisano yanga yoyambirira inagwera m'mawa mouma, moti sindinafunikire kusintha njinga ngakhale kamodzi. Ndikamadutsa ndinkawaona ataima ndi kapu ya khofi, maso pa foni.

Tsiku langa lobadwa amuna anga anandipatsa mawilo awiri amene anawapeza kwa munthu wina amene anasiya mipikisano. Anali opepuka ngati mbale, ndipo matayala ake anali a mano akuluakulu oluma matope. Matayala amtunduwu salowetsedwa mu limu ngati a njinga wamba, amamatidwa ndi guluu. Ndinawamata ndekha kukhitchini madzulo atatu otsatizana, mawindo ali otsegula chifukwa cha fungo, amuna anga akutsokomola pabalaza atafunda bulangete. Guluu wina anatsalira patebulo mpaka lero. Nditamaliza ndinawaika pa njinga yachiwiri, kuti tsiku la matope enieni ndidzayambe ndi njinga yoyamba, kanjira kakapondedwa n'kusanduka phala ndidzatenge ya mano.

Kumapeto kwa Novembala mvula inagwa sabata yathunthu. Mpikisano unali pa paki ina kum'mwera kwa mzinda, ndipo titangotsika m'vani nsapato zinayamba kumira. Ndinaimika njinga yachiwiri mu piti n'kuwauza a ndevu kuti ndikazungulira kawiri ndilowa. Anagwedeza mutu.

Tsiku limenelo zonse zimene ndinaphunzira pamsewu wa kusukulu zinabwerera m'miyendo. Anzanga ankatsatana pakati pa kanjira pomwe matope anali akuya. Ine ndinkadutsa m'mphepete, pomwe panali patatsala timaudzu, osagwira buleki, thupi nditalikankhira kumbuyo. Ndinadutsa anthu amene chaka chonse ndinkangowaonera kumsana. Ndinadutsanso achemwali ali wapansi pachitunda, ndipo anandikuwira akupuma movutikira kuti, "Muli nambala foro, pitani." Wachitatu, mayi wa malaya achikasu, ndinkamuona pafupi kutsogoloku. Atatu oyamba amakwera pa timabokosi n'kuwomberedwa m'manja. Ine ndinali ndisanalotepo za kabokosi, koma m'mawa umenewo ndinayamba kukafuna.

Nditazungulira kawiri njinga inali italemera, tayala lakumbuyo likukhula. Ndinakhotera mu piti n'kudumpha, dzanja nditatambasula kuti ndilandire inayo. A ndevu panalibe. Njinga yanga yachiwiri inali chagada pa udzu, chishalo pansi, yopanda mawilo onse awiri.

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana uku ndi uku. Bambo wina wa timu ina, ali ndi payipi m'manja, anandiuza kuti, "Mnzanu uja wachotsa mawilo wapita nawo."

Ndinatola njinga yamatope ija n'kukweranso. Sindinapite patali. Pachitunda chachiwiri matope anakoka kachitsulo kosinthira magiya n'kukalowetsa mu masipoko, ndipo ndinamva kakuthyoka. Tayala linaima. Ndinaiika paphewa n'kuyamba kuthamanga. Onse amene ndinawadutsa aja anandidutsanso mmodzimmodzi, ena akundipepesa. Nditafikanso pa piti a ndevu anali asanabwerebe. Ndikanatha kutuluka pansi pa chingwe n'kusiya, koma mkwiyo unandiyendetsa mpaka pamzere womalizira. Ndinali womaliza.

A ndevu ndinawapeza kumalo oimika magalimoto akuzungulirazungulira pa njinga yawo kutenthetsa miyendo. Mawilo anga anali pa njinga yawoyo.

"Tayala langa laphulika poyesa kanjira," anatero asanatsike n'komwe. "Ndimati ndibwerera msanga."

"Ndinakuuzani kuti ndilowa ndikazungulira kawiri."

"Inde, koma tinene zoona, mayi. Inu mumapalasa mongosangalala. Ine ndili ndi mapointi oti nditeteze."

"Ndinali nambala foro."

"Foro alibe bokosi," anatero akuseka, n'kupalasa kulowera koyambira.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndikakumbukira tsikulo si mawu amenewo. Ndi chakuti masana ake ndinapita mu piti ndi ndowa zanga n'kuwatsukira njinga ngati masiku onse. Mawilo anga omwe ankadutsa m'manja mwanga, ine n'kuwatsuka, n'kuwapereka kwa munthu amene anawatenga osapempha. Atamaliza anabwera ali osangalala.

"Matayala anuwa amagwira bwino zedi. Ndiwasunge pa njinga yanga yachiwiri mpaka ligi ithe?"

Pakamwa panga panayankha pokha. "Palibe vuto."

Pobwerera m'vani anafotokozera anzathu mmene ndinkathamangira ndi njinga paphewa, akugwedeza mapewa kundiyerekeza. Sanandione n'komwe, anachita kumva kwa ena. Awiri anaseka. Achemwali, maso ali pamsewu, anati zimene anachitazo sizinali bwino. A ndevu anati, "Chabwino, pepani," akufufuza magolovesi awo pansi pa mpando. Ine ndinangoyang'ana mvula pawindo mpaka ku Springburn.

Amuna anga atamva anaimirira n'kuyamba kufunafuna nsapato.

"Amakhala kuti? Ndikawatenga lero lomwe."

"Asiyeni," ndinatero.

"Mukuti chiyani? Inu munakhala masiku atatu mukununkhiza guluu."

"Ndati asiyeni kaye."

Pa nthawiyo ndinalibe pulani iliyonse. Ndinangodziwa kuti mawilo akabwera m'manja mwa amuna anga nkhani ithera pomwepo, ndipo ine sindinkafuna kuti ithe. Pulaniyo inayamba kupangika ndili m'bafa, ndikupala matope m'miyendo, madzi akusanduka ofiirira.

Ndinaganiza zambiri m'masabata otsatira, ndipo sindibisa kuti zina zinali zoipa. Munthu wa mu piti amakhala ndi njinga ya mnzake yekhayekha. Ndinkadziwa bawuti imene nditaimasula pang'ono chishalo chikanatsika pakati pa mpikisano. Ndinkadziwa mpweya umene nditautulutsa tayala likanavuka pokhota. Ndili kuntchito, ndikuika timabotolo ta magazi m'makina, ndinkawaona m'maganizo akugubuduzika pachitunda. Koma zonsezi ndinazikana. Chifukwa china n'chakuti sindinkafuna kuti munthu athyoke khosi. Chifukwa chachikulu n'chakuti akanati ndi tsoka chabe. Ine ndinkafuna adziwe kuti ndine, ndiponso kuti aziona nkhope yanga pamene zikuchitika.

Panali patatsala mipikisano itatu. Pa iwiri yoyamba ndinakhala wothandiza wabwino kuposa kale lonse. Njinga yanga yothyoka ija ndinakonzetsa, ndipo achemwali anandibwereka mawilo awo akale oti ndiike pa njinga yachiwiri. Masana ndinkatsuka njinga za a ndevu mpaka tcheni kuwala, pedulo yakumanja kutsogolo, giya yachitatu. Anayamba kundiyamikira kwa anthu. Tsiku lina tikukweza katundu ndinawafunsa ngati wongocheza.

"Tayala lanu lija munakonzetsa?"

"Lili m'galaja. Ndidzaona ligi ikatha. Anuwa akugwira ntchito."

Kuyambira pamenepo ndinkasuzumira m'vani Lamlungu lililonse kuwerenga mawilo. Awo apadera sankabwera nawo.

Kunyumba ndinayamba kuyeserera kuchotsa ndi kuika mawilo mwachangu. Ndinkagadamitsa njinga kukhitchini, kuchotsa, kuika, kuchotsanso, nditavala magolovesi onyowa kuti zala zizolowere. Amuna anga anaima pakhomo tsiku lina akundiyang'ana.

"Zimene mukuganizazo sindikuzidziwa," anatero, "koma nkhope imeneyo ndikuidziwa."

"Ndikungophunzira."

"Bola musapweteke munthu."

"Sindikhudza chinthu chimene si changa."

Lamlungu la pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano kunalibe mpikisano, choncho tinapita kutchalitchi. Amayi anzanga a ku Malawi anandilandira ndi mafunso awo a masiku onse, kuti kodi matope aja sanathebe. Titafika popemphera pemphero la Ambuye ndinanena nawo bwinobwino mpaka pa mawu okhululukira anzathu. Pamenepo ndinatseka pakamwa, n'kudikira kuti adutse, n'kupitiriza nawo kutsogolo. Ndinaona kuti kunama pamaso pa Mulungu n'koipa kuposa kudumpha mzere.

Mpikisano womaliza unali mu Januwale, pa paki ya kumpoto kwa mzinda. Chipale chofewa chinagwa Lachinayi n'kusungunuka Loweruka, ndiye pansi panali ngati dambo lopondedwa ndi ng'ombe. M'vani a ndevu anatifotokozera masamu awo kachitatu. Bambo wina wamtali wa timu ina anali atawayandikira kwambiri pa mapointi. Amene amalize patsogolo pa mnzake tsiku limenelo ndiye atenge nambala yachitatu ya ligi yonse. Achemwali anawonjezera kuti zikayenda bwino timu yathunso ikhoza kupeza kachikho ka matimu ang'onoang'ono, kamene sitinakapezepo. Mawu amenewo ndinawamva, koma ndinawakankhira pambali.

M'mawa umenewo a ndevu anachita chinthu chimene sindinkayembekezera. Anaima mu piti mpikisano wanga wonse, foni ili m'thumba. Nditalowa anandipatsa njinga bwinobwino, ndipo podutsanso ndinawaona atagwada akutsuka inayo ndi manja awo. Pachitunda chomaliza anathamanga m'mbali mwa chingwe akukuwa dzina langa, n'kulitchula molondola koyamba. Ndinamaliza wachisanu. Pamzere anandifunditsa jekete n'kundithirira tiyi wa mu fulasiki yawo.

Ndinamwa tiyi uja, ndinathokoza, ndipo ndinadzifufuza mumtima kuti ndione ngati china chasintha. Sichinasinthe. Za mawilo sananene chilichonse.

Ndinachotsa mawilo obwereka aja pa njinga yanga yachiwiri n'kukawaika m'vani, kuseri kwa zikwama. Felemu yopanda kanthuyo ndinaitenga paphewa kupita nayo mu piti pamodzi ndi ndowa. Palibe anandifunsa. Achemwali anali atapita kukathandiza okonza mpikisano kuimirira pa matabwa olumpha, mbali ina ya paki.

Abambo anayamba. A ndevu anachoka bwino, ali pa njinga yawo yoyamba, ya mawilo awoawo. Atazungulira kamodzi analowa, ndinawapatsa yachiwiri ya mawilo anga, n'kuthamanga kukatsuka yoyambayo. Atazunguliranso analowa, ndinawabwezera yoyamba ili mbee, iwo n'kundiponyera yachiwiri. Anali patsogolo pa wamtali uja ndi mtunda wa njinga zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Potuluka anandikwezera chala chachikulu.

Ndinatsuka njinga yachiwiriyo mosathamanga. Mawilo ndinawatsuka bwino kwambiri, dzino lililonse la tayala. Kenako ndinaigadamitsa pa udzu, chishalo pansi, n'kuchotsa lakutsogolo, n'kuchotsa lakumbuyo. Ndinawaika pa felemu yanga, n'kumanga, n'kuzungulitsa kuti ndione ngati sakukhula. Kenako ndinaima pambali nditagwira njinga yangayo, n'kudikira.

Ndinawaona akutsika chitunda, nkhope yonse matope, matayala atasanduka zigubu. Anakweza dzanja kusonyeza kuti akulowa. Anakhota, anadumpha, anasiya njinga yamatope kuti igwe yokha, n'kutambasula dzanja kumene ndinkaima masiku onse. Dzanjalo linagwira mphepo. Anathamanga masitepe awiri asanazindikire, kenako anaima. Anayang'ana felemu yawo ili chagada. Anayang'ana ine.

"Mawilo ali kuti?"

"Ndatenga. Ndi anga."

"Lero?"

"Lero."

Wamtali uja analowa mu piti, analandira njinga yoyera kwa mkazi wake, n'kutuluka osataya ndi sekondi yomwe. A ndevu anabwerera m'mbuyo kukatola njinga yawo pamatope, anayesa kukanda matope a pa buleki ndi zala, n'kukwera. Inkayenda ngati ikukoka chitsa.

Ndikanakonda kunena kuti ndinamva chisoni. Chimene ndinamva ndi kutentha kokoma kumene kunayambira pachifuwa n'kutsika mpaka ku zala za kumapazi, zimene zinali zitazizira kuyambira m'mawa. Anthu a mu piti anali atasiya kutsuka, akundiyang'ana. Ndinawayang'ananso mmodzimmodzi mpaka anabwerera ku mapayipi awo.

Achemwali anaona kuchokera kutali kuti a ndevu atuluka ndi njinga yakuda. Anabwera akuthamanga, ndipo atangoona felemu ndi mawilo anamvetsa zonse. Anathamangira kuvani n'kubwera ndi njinga yawoyawo, yaing'ono, ya munthu wamfupi. A ndevu atalowanso anawapatsa imeneyo, iwo n'kukoka yamatope ija kupita nayo kumadzi. Analibe magolovesi. Anagwada m'chithaphwi akukhula ndi burashi yanga, ndipo anatembenuka kamodzi kokha.

"Gwirani payipi."

"Ayi, achemwali."

Sanandipemphenso. Ndinaima pomwepo ndikuona manja awo akufiira, kenako akutuwa. A ndevu ankazungulira pa kanjinga kaja mawondo ali kunja, akugwa pokhota paliponse. Pamene achemwali ankawabwezera njinga yawo, wamtali uja n'kuti atasowa kale. Anamaliza kumbuyo kwambiri. Nambala yachitatu inapita, kachikho ka timu nako kanapita.

Anandipeza ndikuthira madzi otsala m'ndowa. Ndevu zawo zinali zitauma ndi matope.

"Mukanangondiuza kuti mukuwafuna."

"Inunso mukanangondiuza tsiku lija."

"Ndinapepesa."

"Munapepesa mukufunafuna magolovesi pansi pa mpando."

"Ndagwira ntchito miyezi inayi chifukwa cha lero."

"Ndikudziwa. Ndine ndinkatsuka."

Anatukwana mawu amodzi, osati kwa ine kwenikweni, n'kutola felemu yawo n'kumapita. Inkaoneka yopepuka m'manja mwawo.

Achemwali anabwera pambuyo pake manja atawapisa m'khwapa. "Anakulakwirani, ndipo ndinanena," anatero. "Koma lero mwatichita tonse."

Sindinapemphenso malo m'vani. Njinga yanga yoyamba ndi ndowa ndinazisiya kuti adzandipatsire kuntchito, ine n'kukwera ya mawilo anga kulowera kusiteshoni ya sitima. Matayala a mano pa phula amalira ngati njuchi, ndipo amatha msanga, koma ndinapalasa osasamala. M'sitima anthu ankasuntha kundipatsa malo chifukwa cha matope. Ndinaima pakhomo nditagwira njinga, ndikumwetulira ndekha ngati wopenga.

Amuna anga anamvetsera nkhani yonse osadula. Nditafika pa dzanja logwira mphepo anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako analeka kuseka.

"Koma achemwali anu aja," anatero.

"Ndikudziwa."

Masabata atatu achemwali ankandilankhula za ntchito zokha. Njinga ndi ndowa ndinazipeza zitaikidwa bwinobwino kumalo oimika njinga, popanda uthenga. Loweruka lina ndinakwera sitima kupita kwawo ku Pollokshields nditanyamula mandasi amene ndinakazinga m'mawa. Anandilowetsa, anaphika tiyi wawo wa zokometsera, ndipo tinakhala kukhitchini. Ndinawauza kuti ndabwera kudzapepesa chifukwa cha payipi, chifukwa cha manja awo, ndiponso chifukwa cha kachikho.

"Nanga za bambo aja?"

"Zimenezo sindipepesa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali akutafuna. "Mukanandiuza, ndikanakawatenga ndekha mawilo aja pamaso pa aliyense."

"Mukanatero. Koma iwo sakanamva chimene ndinamva ine."

"Ndipo tsopano mwapeza bwino?"

Ndinaganizira funsolo moona mtima. "Inde," ndinatero. "Ndimagona bwino."

Anapukusa mutu n'kutenga mandasi achiwiri. Ubwenzi wathu unabwerera pang'onopang'ono, ngakhale mpaka lero akafuna kundinyoza amandifunsa ngati ndingawagwirire payipi.

A ndevu anasamukira ku timu ina chilimwe chisanathe. Ndimawaonabe pa mipikisano atavala malaya a mtundu wina. Timapatsana moni ndi mutu basi. Ndinamva kuti akamafotokoza nkhaniyi amayambira mu Januwale, za Novembala satchula. Ine ndikamafotokoza ndimayambira mu Novembala, ndipo za tiyi wa mu fulasiki nthawi zambiri ndimadumpha. Pano ndalemba zonse.

Nyengo yotsatira itayandikira tinakumana m'chipinda cha kuseri kwa kafe ina kuti tigawane awiriawiri. Achemwali anayamba ndi lamulo latsopano, lakuti palibe wokhudza njinga ya mnzake osapempha, ndipo onse anavomera maso ali patebulo. Kenako anafunsa amene akhale nane mu piti. M'chipindamo munangoti zii. Ndinayamba kukonzeka kunena kuti ndipalasa ndi njinga imodzi.

Bambo wina wokonza mapayipi, munthu wofatsa amene chaka chonse sindinamumvepo akulankhula mawu opitirira khumi, anakweza dzanja.

"Ine," anatero. "Amatsuka bwino kuposa tonsefe. Ndingoyesetsa kusawalakwira."

Anthu anaseka, ine ndinasekanso, achemwali n'kulemba mayina athu pa pepala. Takhala limodzi mu piti nyengo ziwiri tsopano, ndipo sanachedwepo ngakhale kamodzi.